Mtedza wa Agogo

Chaka chatha aphunzitsi athu a mbiri yakale anatituma kuti pa tchuthi tikafunse akuluakulu za njala ya 1949. Ine ndinakondwa, pakuti agogo anga aakazi, amene amakhala cha ku Lunzu, anaiona njalayo ali kamtsikana. Ndinanyamula kope ndi cholembera, mtima uli pa malikisi.

Nditafika kumudzi ndinapeza njira ya kunyumba kwa agogo itamera udzu. Mayi anga aang'ono anandikokera kuseri kwa nkhokwe nandinong'oneza kuti mwana wa msuweni wanga anamwalira atatentha thupi masiku atatu okha, ndipo anthu akuloza chala agogo. Umboni wake unali wakuti maso awo ndi ofiira, amayankhula okha, ndiponso anaika m'manda ana awo anayi iwo akali moyo.

"Ukapita kumeneko usakadye kanthu," anatero mayi aang'onowo.

Ndinapita ndithu. Agogo atandiona anaseka monga mwa masiku onse.

"Amuna anga, mwabwera? Ndimayesa mwandisiya ukwati."

Anandiyalira mphasa, nakazinga mtedza, naubweretsa m'kambale. Ine, mwana wa sukulu ya ukachenjede, wodziwa bwino kuti malungo amafala ndi udzudzu, wodziwanso kuti utsi wa nkhuni umafiiritsa maso a munthu amene waphika zaka makumi asanu ndi awiri, ndinati, "Zikomo agogo, ndakhuta."

Iwo anandiyang'ana pang'ono, nakankhira kambale pambali. Kenaka anayamba kusimba. Anati mvula inadula chimanga chisanamasule. Anati amuna ambiri anachoka kuti akukasuma ku Mwanza ndi ku Ntcheu, ndipo ena sanabwererenso. Mayi awo ankakumba mizu ya nthochi ndi kuisinja kuti ana alaweko kanthu. Ine ndinkangolemba, masamba asanu ndi limodzi. Nditatseka kope anati:

"Chaka cha njala chija wodya analipo, chakudya ndicho panalibe. Lero chakudya chilipo."

Sanaonjezere mawu ena, ndipo ine sindinayankhe.

Ntchito ija inandipatsa malikisi abwino, koma pepala lake sindifuna kuliona. Ife ophunzira timakonda okalamba akakhala m'mabuku. Pa mayeso timalemba kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndi kuti mawu a akulu akoma akagonera. Timawatapa nthano, miyambi ndi mbiri kuti tipezere madigiri. Koma nkhalamba yeniyeni, ya mano ogweluka, yoiwala pamene yaika fodya wake, timaiopa kapena kuiseka. Kukhalitsa padziko, kumene makolo ankati ndi dalitso, ife takusandutsa mlandu.

Ndipo mlandu umenewu umapha. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Komatu lamulo loletsa kunenera munthu ufiti lilipo kuyambira 1911, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Malamulowo ndi abwino, koma safika kuseri kwa nkhokwe kumene timanong'onezana. Amene anapha ku Neno ananyamula zida. Ine ndinangokana mtedza. Kusiyana kulipo, koma muzu wake ndi umodzi.

Tchuthi chathachi ndinabwereranso, wopanda kope. Ndinalambula njira ija ndi khasu dzuwa lili pamutu, anthu akuona. Ndinakhala pakhonde, osati m'nyumba, ndi kudya mtedza mpaka kambale konse. Amayi obwera kuchitsime anayenda pang'onopang'ono akusuzumira. Tsiku lachitatu kamwana ka mayi aang'ono kanabwera kudzatola makoko, ndipo agogo anakadzazira m'manja. Mayi ake anakaitana mokalipa, koma kanali katatafuna kale.

Sindinena kuti mudzi wasintha. Manong'onong'o akadalipo, ndipo agogo amatseka chitseko dzuwa lisanalowe. Koma inu anzanga amene mudzatumidwa kukafunsa akuluakulu chaka chino, akakupatsani chakudya, idyani kaye musanatsegule kope.