Hiace yanga ija ndikuipanganso

Ino ndi sabata yachitatu. Madzulo aliwonse ndikaweruka ndimakhala pakhonde ndi mawaya, zitini zakale ndi pulayala, kupanga kagalimoto kofanana ndi Toyota Hiace imene ndinali nayo. Inali yoyera, ya injini ya dizilo ya 3L, ndipo inkayenda msewu wa Limbe ndi Zomba. Ndinaigulitsa mayi atadwala. Sindinong'oneza bondo, koma mpaka lero 3L ikalira kumbuyo kwanga ndimacheuka.

Ndatenga muyezo wa 1:24, ndiye minibasi ya mamita pafupifupi 4.7 ikutuluka masentimita 20 okha, yokwana m'manja. Matayala ndadula ku patapata wakutha, monga tinkachitira tili ana popanga magalimoto a mawaya. Magalasi ndi a botolo la pulasitiki.

Chandivutitsa ndi chitseko cha kumanzere chija, chokoka. Ndachipanga katatu. Choyambacho chinkatsekeka bwinobwino, koma mtima unakana, chifukwa chenichenicho sichinkatero. Kondakitala ankayenera kuchitukula pang'ono ndi bondo kenako n'kuchikankha mwamphamvu, apo ayi chinkaima pakati. Ndiye kanjanji kake ndakapinda dala kuti chizikakamira pamalo omwewo. Pobonyoka pakumbuyo, pomwe ndinagunda mtengo wa mango pobwerera m'mbuyo ku Namadzi, naponso ndipaikapo.

Dzulo mwana wanga wamkazi anasuzumira mkati n'kuti, "Ababa, mpando wanga uja mulibe." Amanena wa pawindo, kuseri kwa dalaivala, pomwe ankakhala Lamlungu tikamapita kwa agogo ake. Ndikaupanga usiku uno.