Sitima yokalamba ikupanga ndalama pa Thames, yathu ili phee ku Monkey Bay

Pakati pa mzinda wa London, kutsidya kwa chigudumu chija cha London Eye, pali sitima yomwe inasiya kuyenda kalekale koma ikulowetsabe ndalama. Dzina lake ndi Tattershall Castle. Inakhomedwa mu 1934, ndipo kwa zaka pafupifupi 40 inkawolotsa anthu pa mtsinje wa Humber, pakati pa Hull ndi New Holland. Itapuma ntchito mu 1973 sinapite kwa ophwanya zitsulo. Inakokedwa mpaka ku mtsinje wa Thames, nkumangiriridwa m'mbali mwa Victoria Embankment, ndipo lero ndi malo odyera ndi omwera. Dzuwa likangowala pang'ono, pamwamba pake mpando umasowa.

Mlembi wa nkhaniyi, yemwe amasamalira okalamba usiku mumzindawu, amadutsa pamenepo m'mawa maso ali gwa ndi tulo, koma mtima umamuwawa. Amakumbukira Chauncy Maples, sitima yopangidwa ku Glasgow yomwe inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1901. Ndi yakale kuposa ya ku London ija ndi zaka zoposa 30, mbiri yake ndi yolemera, koma ganizo loisandutsa chipatala choyandama linalephereka mu 2017. Ili phee ku Monkey Bay.

Komatu lesitilanti yoyandama si yongomangirira bwato nkuyatsa mbaula. Pa Thames madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, nthawi zina mpaka mamita 7, chifukwa mtsinjewu umatsatira nyanja ya mchere. Choncho kamlatho kolowera alendo kamakhala kolumikizidwa mwanzeru: nthawi zina munthu amatsetsereka polowa, nthawi zina amalowa mokwera. Mapaipi a madzi, mawaya a magetsi ndi mapaipi a zonyansa, zonse ziyenera kupindika limodzi ndi sitimayo. Asanakhome ngakhale mzati umodzi mumtsinje, mwini bizinesi amayenera kupeza chilolezo ku Port of London Authority, ndipo malo a pamadziwo amalipiridwa. Kenaka pamabwera inshuwalansi, oyendera zaukhondo, ozimitsa moto, chilolezo chogulitsa mowa. Pansi pa madzi dzimbiri silipuma. Mu 2015 Tattershall Castle inakokedwanso kubwerera ku Hull kukakonzedwa, ntchito yomwe inadya mapaundi mamiliyoni angapo, nthawi yonseyo osagulitsa ngakhale kapu ya tiyi.

Ena zinawakanika. Lesitilanti yoyandama ya Jumbo ya ku Hong Kong, yomwe inatsegulidwa mu 1976 ndipo inkalandira alendo oposa 2,000 nthawi imodzi, inayamba kuluza mu 2013, inatsekedwa mu 2020 mliri wa Covid-19 utavuta, ndipo mu June 2022 inagubuduzika pa nyanja ya South China Sea akuikoka.

Chomwe chimamugometsa kwambiri mlembiyu ndi mtsinje weniweniwo. Mu 1858 Thames inanunkha mpaka aphungu a Nyumba ya Malamulo anasowa mtendere m'zipinda zawo. Injiniya Joseph Bazalgette ndiye anamanga ngalande zonyamula zonyansa, ndipo khoma lomwe Tattershall Castle yatsamira ndi gawo la ntchito yake. Pofika 1957 mtsinjewu unanenedwa kuti wafa, koma sanautaye. Mu 2025 anatsegula ngalande ina ya makilomita 25 pansi pake, ya Thames Tideway. Alendo amene amalipira ndalama zambiri kuti adyere pamadzi akudyera thukuta la mibadwo ingapo.

Kwathu, ndani angadye nsima atayang'ana mtsinje wa Mudi? Mtsinje wa Lilongwe kuseri kwa msika wa Tsoka, nkhani yake aliyense akuidziwa.

Pa gulu la WhatsApp la Amalawi anzake, nkhani yoika ndalama kumudzi ikayamba imathera pa puloti, minibasi kapena nyumba za lendi. Iye sawadzudzula. Nayenso akalipira chipinda, fizi ya ana a mchemwali wake ndi chipereganyu, chotsala chimakhala chochepa, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa simenti ndi malata unasokoneza mapulani a ambiri. Koma akaona azungu atafola mzere kudikira nsomba yokutidwa ndi ufa, pamadzi abulawuni, mphepo ikulasa m'makutu, amadziwa kuti kuno kulibe chomwe chingapikisane ndi chambo chowotcha cha ku Mangochi.

Nchifukwa chake maso ake ali pa Shire, ku Liwonde kapena pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, komwe madzi akadali oti munthu nkuwayang'ana akudya. Kumeneko zovuta ndi zina: namasupuni, mvuu, ng'ona, komanso nyanja yomwe mu 2024 inasefukira nkulowa m'malo ogona alendo ambiri. Malo odyera oyandama akanangokwera nawo madziwo, bola nangula ndi kamlatho zikhale zolimba. Pakali pano mlembiyu akufunsa amisiri a ku Monkey Bay mtengo wowotcherera thandala la zitsulo lokwana matebulo 10.