Kamtengo Kolemera ndi Kamtengo Kamasiku Onse

Pali mkangano wina umene sutha pakati pa ife oimba ng'oma zamubandi, ng'oma zija zimene munthu amaimba atakhala pampando, manja ndi mapazi zonse zili pantchito. Ena amati munthu wofuna liwiro aziphunzira ndi timitengo tolemera kuposa timene amaimbira pagulu, kuti tsiku la dansi likafika manja ake aziuluka okha. Ena amati ayi, dzanja limazolowera chimene lagwira, kotero uziphunzira ndi kamtengo komweko kamene udzaimbire. Kwa amene saimba, nkhaniyi ndi yochepa. Koma kwa mnyamata amene ali ndi peyala imodzi yokha ya timitengo, ndi manja awiri amene sagulitsidwa kusitolo, si yochepa ayi.

Ndiyambe ndafotokoza timitengoto, pakuti ambiri amayesa kuti n'timodzimodzi. Kamtengo kalikonse kogula kamakhala ndi nambala ndi chilembo pathupi pake: 7A, 5A, 5B, 2B. Nambala ikamachepa, kamtengo kamanenepa. Zilembozo n'zakale: B inali ya mabandi a malipenga, S inali ya ng'oma zoimba poguba mumsewu, ndipo A inali ya magulu oimba mofatsa m'nyumba. Pa timitengo ta kampani ya Vic Firth, imene anaiyambitsa mu 1963 bambo wa dzina lomwelo, woimba ng'oma mu Boston Symphony Orchestra, 5A ndi wotalika mainchesi 16 ndipo m'mimba mwake ndi mamilimita 14 ndi pang'ono, pamene 2B amafika mamilimita 16. Kusiyana kwake sikukwana n'komwe mamilimita awiri. Papepala n'kosekesa, m'dzanja n'kwakukulu ngati kusiyana kwa mpini wa khasu ndi mthiko. Mtundu wa mtengo nawo umawerengedwa. Tambiri amasema ku mtengo wa ku America wotchedwa hickory, topepuka ku maple, ndipo tolemera ku oak.

Ganizo la okonda tolemera limamveka bwino, ndipo aliyense amene anasenzapo thumba la chimanga kupita kuchigayo akulidziwa. Ukatula katunduyo khosi limapepuka, mutu umakhala ngati ukukwera kumwamba wokha, ndipo umayenda ngati mwana wa mbuzi. Chimodzimodzinso ukaimba ndi 2B kwa theka la ola, n'kutenga 5A: kamtengoko kamamveka ngati udzu. Zimenezi n'zoona, sindikana. Funso langa n'lakuti, kodi amene watula thumba uja amathamangadi kuposa dzulo, kapena khosi lake lokha ndilo likumunamiza?

A masewera a baseball ku America anakumana ndi funso lomweli kalekale. Wosewera akamadikira nthawi yake yomenya mpira amalowetsa mphete yachitsulo ku chibonga chake n'kumachigwedeza, kuti akachotsa mphete ija chibonga chimveke chopepuka. Akatswiri atayeza liwiro la chibongacho ndi makina anapeza kuti osewerawo amamva ngati afulumira, koma makina osavomereza. Ndipo pamene chophunzirira chinali cholemera kwambiri, liwiro limatsika ndithu. Kupepukako kumakhala m'mutu, ndipo kumazimirira pakangopita kanthawi.

Ine timitengo tanga tolemera sindinagule. Ndinapita kwa mkulu wina wosema ziboliboli m'mbali mwa msewu, nditatenga 5A wanga ngati chitsanzo, n'kumupempha kuti andisemere tiwiri tofanana naye koma tamphingo. Mkuluyo anatembenuzatembenuza kamtengo kanga kaja, n'kundiyang'ana kumaso.

"Kodi mwana wanga, mukufuna zoimbira ng'oma kapena zophera njoka?"

"Zoimbira ng'oma, bambo."

"Ng'oma imeneyo inakulakwirani chiyani?"

Anafunsa mwanzeru. Mphingo ndi mtengo wolemera kotero kuti umamira m'madzi. Ndiwo umene azungu amapangira zitoliro zija amati clarinet ndi oboe. Kamtengo kamphingo kofanana msinkhu ndi ka hickory kamalemera pafupifupi kamodzi ndi theka. Ndinatenga timitengo tangato, n'kudula chidutswa cha mphira wa tayala, n'kuchikhomera pathabwa, ndipo kwa miyezi itatu ndinkayamba nato madzulo alionse. Ndinali ndi cholinga: ndinkafuna kudziwa ndi manja anga amene akunena zoona pa mkangano uja.

Chimene ndinapeza choyamba sichinali mphamvu ayi, koma ulesi wabwino. Kamtengo kopepuka umatha kukakakamiza. Umakakankhira pansi, n'kukanyamulanso wekha, ndipo minofu yako imagwira ntchito ziwiri osadandaula mpaka nyimbo itafika pakati. Kamphingo sikalola zimenezo. Ukati ukanyamule ndi mphamvu ukagunda kulikonse, mphindi zisanu sizitha mkono usanayambe kuyaka moto. Tsono dzanja limaphunzira lokha kukaponya pansi n'kukasiya kuti kanjanje, monga mpira unjanja pabwalo louma, ndipo ntchito ya zala imangokhala kukalandira ndi kukabweza. Popeza n'kolemera, kamanjanja mosapupuluma, ndipo umakamva bwinobwino pamene kakukwera ndi pamene kakutsika. Umazindikiranso msanga malo oyenera kugwira, cha pa gawo limodzi mwa magawo atatu kuchokera kutsinde. Ukagwira kumapeto kwenikweni kamafa pamphirapo, osabwerera.

Amayi athu akudziwa zimenezi popanda buku. Kaonereni mayi wodziwa kusinja. Salimbana ndi musi. Amaukweza, n'kuuperekeza pang'ono, ndipo kulemera kwa musiwo ndiko kumakonola chimanga. Manja amamasuka mpaka ena amaomba m'manja musi uli m'malere. Mtsikana wophunzira ndiye amaukumbatira mwamphamvu, n'kutopa mtondo umodzi usanathe. Chimene chimasiyanitsa awiriwa si kukula kwa mikono.

Mabuku akale a ng'oma amaloza komweko. Sanford Moeller, amene buku lake linatuluka mu 1925, anaphunzira poonerera nkhalamba zimene zinaimbapo ng'oma za usilikali pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ndipo njira imene imadziwika ndi dzina lake ndi yoponya mkono ngati chikwapu kuti kuponya kumodzi kubereke magundo awiri kapena atatu. George Lawrence Stone analemba Stick Control mu 1935, ndipo mpaka lero buku limenelo limayamba ndi zinthu zooneka zachibwana: lamanja, lamanzere, lamanja, lamanzere, kenaka lamanja kawiri, lamanzere kawiri, mzere uliwonse kuubwereza kokwana 20 osaima. Mmodzi mwa ophunzira a Stone anali Joe Morello, uja anaimba ng'oma mu Take Five ya gulu la Dave Brubeck mu 1959. Mukamvera bwino mbale imeneyo simumva munthu wa nyonga akumenya chinthu. Mumva munthu womasuka.

Apa ndiye pathera zabwino za mphingo. Ndinkayesa liwiro langa ndi kawotchi kogunda kaja amati metronome, mlungu ndi mlungu, ndi 5A wanga wamasiku onse. Ndikangosiya tamphingo n'kutenga 5A, mtima unkandiuza kuti lero ndiuluka, koma kawotchiko, kamene kalibe chibale ndi munthu, kankandipeza pomwe kanandisiya. Liwiro linakweradi pang'ono pakutha pa miyezi itatu, koma linakwera monga limakwerera kwa aliyense amene wakhala pansi madzulo alionse osajomba. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ndikaika ulemu wonse pa mphingo ndiye kuti ndabera khama.

Chinanso chinali chobisika. Mphindi zoyamba nditasintha timitengo, magundo anga ofewa ankasokonekera. Pa ng'oma yaing'ono ija ya mawaya kunsi, imene timati sineya, pali timagundo tating'onoting'ono timene timadutsa pakati pa magundo akuluakulu, tosamveka kwenikweni koma timene tikasowa anthu amasiya kuvina osadziwa chifukwa chake. Timeneti timafuna kuti kamtengo kakwere chala chimodzi chokha kuchokera pachikopa, ndipo dzanja limayeza mtunda umenewo molingana ndi kulemera kwa kamtengo kamene lazolowera. Dzanja lochokera ku mphingo limaponya mopitirira. Timagundo tija timatuluka ngati munthu amene akufuna kunong'ona koma wangochoka m'chigayo. Woimba m'tchalitchi, kumene kwaya ilibe zokuzira mawu zokwanira, amadziwa kuti ntchito yovuta si kufuula. Ndi kuimba mwachangu ndiponso motsitsa nthawi imodzi, kuti mawu a nyimbo afike kubenchi lomaliza. Luso limenelo kamtengo kolemera sikalidziwa.

Ndiye pali za thupi. Mnzanga wina, amene sinditchula dzina, anaganiza kuti ngati mtengo wolemera uthandiza, chitsulo chithandiza koposa. Anadula tizitsulo tiwiri tomangira nyumba n'kumaimbira pamphira. Mtengo umamwako kunjenjemera kwa kugunda; chitsulo chimakupereka konse kumfundo ya dzanja ndi kuchigongono. Minofu imakula msanga, koma mitsempha imene imalumikiza minofu ku mafupa imazolowera pang'onopang'ono, ndipo ikatupa sichira lero ndi mawa. Mnzangayo anatha teremu yathunthu akulemba manotsi movutikira, ng'oma akungoziyang'ana, ndipo malo ake mubandi anatenga wina. Alipo opanga timitengo tachitsulo tophunzirira, ndipo alipo oimba amene amatitamanda. Ine mwana wa mlongo wanga sindingamupatse.

Wina anena kuti, nanga bwanji akatswiri ena ankaimba ndi timitengo tonenepa? Inde. Tony Williams, amene analowa gulu la Miles Davis mu 1963 ali ndi zaka 17 zokha, ankadziwika ndi 2B, ndipo palibe amene anganene kuti manja ake anali ochedwa. Koma taonani: 2B ameneyo ndiye ankaimbira pamaso pa anthu. Sanali katundu wa kuchigayo woti atule tsiku la dansi. Anali kamtengo kake kamasiku onse. Kumbali ina kuli Tony Allen wa ku Lagos, msana wa gulu la Fela Kuti la Africa 70, amene anamwalira ku Paris mu 2020. Nyimbo za gulu limenelo zinkatha mphindi khumi, makumi awiri, nthawi zina kuposa, ndipo iye ankazisenza akungokhudzakhudza ng'oma ngati munthu wosafuna kudzutsa khanda. Anthu awiriwa sakanagwirizana pa kunenepa kwa kamtengo. Chimene anali nacho onse n'chakuti dzanja ndi kamtengo zinadziwana kwa zaka zambiri.

Masiku ano tamphingo tija ndimatitenga kwa mphindi khumi zokha poyamba, ndipo mwapang'onopang'ono, kuti tikumbutse zala kumasuka. Ndikamva kutentha pamfundo ya dzanja ndimatiika pansi pomwepo. Ola lotsala ndi la 5A, ndipo gawo lalikulu la ola limenelo limapita ku magundo ofewa, kawotchi kaja kakugunda pambali. Mlungu umene kuli koimba sinditikhudza n'komwe. Pa ng'oma zenizeni sitifikako: chikopa cha pulasitiki chimabooka, zimbale zamkuwa zija timati masimbo zimang'aluka m'mphepete, ndipo ng'omazo si zanga, ndi za mpingo. Ophunzira atsopano akandifunsa kuti ayambe ndi kotani, ndimawagwiritsa 5A ndi 5B, n'kuwauza kuti asankhe kamene kakukhala bwino m'dzanja, agule mapeyala awiri ngati thumba lilola, chifukwa kamtengo kamathyoka Loweruka madzulo masitolo atatseka.