Za M'foni Nazonso N'zoikiza

Kwathu ku Dedza, munthu wa mbuzi zisanu sankazisunga zonse m'khola limodzi. Ziwiri ankakaziikiza kwa mlamu wake kutsidya kwa mtsinje, kuti fisi akaboola khola kapena matenda akagwa m'mudzi, asatsale manja lende. Nzeru imeneyi ndimaikumbukira kawirikawiri kuno ku Cape Town, kumene chuma cha ambiri a ife chimakwana m'thumba la buluku.

Tatsegulani foni ya Mmalawi wosamalira maluwa ku Constantia kapena wotsuka mbale ku Sea Point. Mupezamo chithunzi cha pasipoti ndi pemiti, manambala a mabwana omwe amamuitana pa ganyu, mauthenga a Mukuru osonyeza ndalama zomwe anatumiza zogulira malata, ndi mawu a mayi ake pa WhatsApp, mwina mayi oti anatisiya kale. Mu yanga mulinso mndandanda wa mawu omwe ndatolera pa ntchito yomasulira: mayina a matenda, mawu a kukhoti, miyambi yomwe akuluakulu amandiuza ndikaimba kumudzi. Foniyo itatayika ndingagule ina mawa lomwe. Mndandandawo palibe sitolo yomwe ingandigulitse.

Nkhawayi sinayambe ndi mafoni amakono. Mu 1996 kampani ya Palm inatulutsa kachipangizo kam'manja kotchedwa Pilot, kosungiramo manambala, masiku a misonkhano ndi tizolemba. Mabatire ake akatheratu, zonse zinkafufutika. Choncho ankakagulitsa ndi kampando kolumikiza ku kompyuta, ndipo ukadina batani la HotSync zonse zinkakoperedwa. Kukopera tinaphunzira kalekale. Chomwe chimatisokonezabe ndi malo osungira chomwe takoperacho.

Anzanga ambiri amaika memori khadi kuseri kwa kachikwama ka foni, ena amabisa fulashi pansi pa matiresi kapena m'sutikesi pamodzi ndi pasipoti. Wakuba akatsomphola chikwama pamsewu, watenga foni ndi khadi yomwe. Za pansi pa matiresi nazo zili ndi mdani wake. Mu Marichi 2017 moto unapsereza nyumba zamalata zoposa 2,000 ku Imizamo Yethu, ku Hout Bay. Mu Disembala 2020 unatenthanso nyumba zoposa 1,000 ku Masiphumelele. Konseku kumakhala Amalawi ambiri. M'chilimwe cha kuno mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imakolezera moto kuti ulumphe denga ndi denga, ndipo munthu amathawa ndi mwana kumsana basi. Ikafika Juni mpaka Ogasiti, mvula imalowetsa madzi m'nyumba za ku Cape Flats, chinyontho n'kudya zonse za pansi pa bedi.

Tisaganize kuti tsokali ndi la osauka okha. Pa 18 Epulo 2021 moto wolusa wochokera m'phiri la Devil's Peak unatsikira pa yunivesite ya Cape Town n'kutentha chipinda chowerengeramo cha laibulale ya Jagger, momwe munali mabuku ndi mafilimu okhudza Africa. Zina zomwe zinali m'zipinda zapansi zinapulumuka ku moto koma zinanyowa ndi madzi ozimitsira. Kwathunso zinachitikapo: mu 1919 moto unatentha maofesi a boma la atsamunda ku Zomba, ndipo makalata a zaka zoyambirira za Nyasaland anasanduka phulusa. Wofuna mbiri ya zaka zimenezo amadalira kwambiri makalata omwe anatumizidwa ku London, chifukwa anali kutali ndi motowo.

Akatswiri a makompyuta ali ndi lamulo lomwe amalitcha 3-2-1: zinthu zako zikhale patatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo chimodzi chikhale kunja kwa nyumba yako. Agogo akanangoti, kaikize. Muyeso wake ndi umodzi: moto, madzi kapena wakuba yemwe angafike pa foni yako asathe kufikanso pa chokoperacho tsiku lomwelo.

Ena amati intaneti inathetsa nkhani yonseyi. N'zoona kuti Google imapatsa munthu malo a 15 GB kwaulere, ndipo inenso ndimagwiritsa ntchito malowo. Koma chitseko chake nthawi zambiri chimatsegulidwa ndi nambala yachinsinsi yomwe imatumizidwa ku foni yako, foni yomwe yapsa ija. Kuti ulembetse simu khadi kuno, lamulo la RICA limafuna chiphaso ndi umboni wa komwe ukukhala. Munthu yemwe mapepala ake apsera limodzi ndi nyumba amaima panja pa khola lake lomwe, mbuzi akuzimva kulira mkati.

Ine zanga ndinazigawa motere. Zoyamba zili m'foni ndi pa intaneti. Zachiwiri zili pa hadi diraivi yaing'ono yomwe ndinaikiza kwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu, yemwe amakhala m'nyumba ya njerwa ku Wynberg. Imakhala m'kabati, pamwamba, m'chitini chotsekeka bwino, kutali ndi chitofu ndi zenera, poti chipangizochi chimaopa kugwa, kutentha ndi chinyontho. Lamlungu loyamba la mwezi ndimapita ndi laputopu, kuwonjezera zatsopano, n'kutsegula mafailo awiri atatu kuti ndione ngati akadali amoyo. Mayiwo amaseka: "Mwabwera kudzaona mbuzi zanu, achemwali?" Zachitatu zili pa memori khadi yomwe inakwera basi ku Johannesburg, kudutsa Beitbridge ndi Tete, mpaka kwa mng'ono wanga ku Dedza. Imeneyo ndimaisintha chaka chilichonse, chifukwa makhadi otere akakhala zaka zambiri osalowa m'chipangizo amatha kuyamba kuiwala.

Chovuta kwambiri pa zonsezi n'kusankha munthu. M'foni muli zinthu zomwe sungafune kuti aliyense aone, choncho zonse ndinazikiya ndi pasiwedi. Koma loko wodziwa mwini yekha ali ndi ngozi yake. Mmalawi akamwalira kuno, anzake amasonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, foni ili pa tebulo, yokiya, mkati muli manambala a abale, mapepala a maliro ndi umboni wa puloti yomwe anagula ku Lilongwe. Pasiwedi yanga ndinailemba pa pepala, n'kuimata mu envulopu, ndipo ili ndi mng'ono wanga. Mayi a ku Wynberg ali ndi chitini koma alibe kiyi. Mng'ono wanga ali ndi zonse ziwiri, ndipo akudziwa tsiku lomwe adzaloledwe kung'amba envulopuyo.