Mapiri a Superstition ndi Golide Wosapezeka

Mlendo akachoka mumzinda wa Phoenix, m'chigawo cha Arizona ku Amereka, naloŵera kum'maŵa mtunda wa makilomita ngati 60, amafika pa kamzinda ka Apache Junction. Pamenepo amayang'anizana ndi chimpanda cha matanthwe ofiirira, ndiwo mapiri a Superstition. Dzikolo ndi chipululu. Mitengo ya mthunzi njosoŵa. Pamamera minga ndi zomera zazitali zotchedwa saguaro, zoima ngati munthu wokweza manja. M'miyezi ya June ndi July kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo timitsinje timaphwa. Pakati pa mapiriwo pali thanthwe losongoka, Weaver's Needle, limene ofunafuna chuma akhala akulizungulira zaka zoposa 130.

Chimene chimaŵakoka ndi mbiri ya Jacob Waltz, Mjeremani amene anzake ankamutcha "Dutchman" chifukwa Ajeremani amadzitcha "Deutsch". Nthano imati mkuluyu anali ndi mgodi wa golide wobisika m'mapirimo, ndipo ali pafupi kutsirizika anaulula malo ake kwa Julia Thomas, mayi amene ankamudwazika. Waltz anamwalira ku Phoenix mu October 1891. Chaka chotsatira mayiyo analoŵa m'mapiri, koma anabwerako chimanjamanja. Pofuna kupeza ya ufa anayamba kugulitsa mapu a mgodi umene iye mwini sanauone.

Mu June 1931 Adolph Ruth, nkhalamba yochokera ku Washington, analoŵa m'mapirimo ali ndi mapu ake, natsala yekha pamsasa. Sanabwerenso. Chigaza chake chinapezeka mu December chili ndi zibowo ziŵiri, ndipo ambiri anakhulupirira kuti anaomberedwa. Munthu angayembekeze kuti imfa yotere ikanaopsa ena, koma manyuzipepala atafalitsa nkhaniyo ofunafuna anachulukirachulukira. Iwo ankati, ngati munthu waphedwa ndiye kuti pali chobisidwa. Ngakhale mu July 2010 amuna atatu a ku Utah anapita kukafuna mgodiwo nyengo ya dzuŵa loswa mtengo; mitembo yawo inapezeka chaka chotsatira.

Nanga golideyo alipodi? Akatswiri a miyala amati mapiriŵa anapangidwa ndi phulusa ndi chiphalaphala cha mapiri ophulika, miyala imene kaŵirikaŵiri sikhala ndi golide wambiri. Golide weniweni anakumbidwa chapafupi, ku Goldfield, m'zaka za m'ma 1890, koma posakhalitsa anachepa ndipo mudziwo unasanduka bwinja. Kuyambira 1984 lamulo silikulolanso kutsegula mgodi m'dera lotetezedwa la mapiriŵa. Choncho ngakhale wina ataupeza mgodi wa Waltz, sangaukumbe. Opindula ndi nthanoyi ndi ogulitsa mabuku ndi mapu, ndiponso olandira alendo ku Lost Dutchman State Park, malo amene anatsegulidwa mu 1977.

Abale, nkhaniyi njakutali, koma nthenda yake njapafupi. Mtumwi Paulo, m'mutu 6 wa kalata yoyamba kwa Timoteo, sadzudzula ntchito kapena malipiro ake. Achenjeza za mtima wofunitsitsa kulemera, umene umatchera mwini wake msampha. Anthu a m'mapiri aja sanali aulesi. Anasenza katundu, anapirira ludzu, anasiya mabanja. Chimene chinaŵapha ndi kuika mphamvu zonsezo pa mphekesera.

Ife timati chuma chili m'nthaka, ndipo nzoona. Koma nthaka imabwezera wofesa, osati wotsata mapu ogula kwa munthu amene sanaone kanthu. Inu achinyamata, wina akakulonjezani chuma cha tsiku limodzi, yambani mwafunsa chifukwa chake iyeyo akugulitsa njira m'malo moiyenda yekha. Ndipo inu makolo, lolani ana aone m'nyumba mwanu kuti kukhutira ndi phindu la thukuta lanu si umphaŵi.