Zokaphunzitsa kunja: tiyeni tiuzane zoona



Masiku ano sabata sitha osaona uthenga pa WhatsApp woti ku America akufuna aphunzitsi. Ena mwakhala mukundifunsa kumbali ngati nkhaniyi ndi yoona, poti mukudziwa kuti Chingerezi ndimachimvako. Ndati ndiyankhe pano kamodzi, ndinenenso za kukhosi kwanga, chifukwa nanenso nkhaniyi yandisowetsapo tulo.

Choyamba, mwayiwo ulipodi. Boma la United States lili ndi viza yotchedwa J-1, ndipo mbali ina ya vizayi ndi ya aphunzitsi ochokera m'mayiko ena. Munthu amakaphunzitsa zaka zitatu. Sukulu ikamukonda imatha kumupemphera zina ziwiri, kenaka amabwerera kwawo. Koma tamvani zimene amafuna. Ukhale ndi digiri yofanana ndi ya yunivesite ya kwawoko, kwa ife ndiye kuti licenciatura. Ukhale utaphunzitsa zaka zosachepera ziwiri. Uzitha kulankhula Chingerezi chokwanira kugwirira ntchito. Ndipo pakhale bungwe lovomerezedwa ndi boma lawo loti likutenge, n'kukutulutsira fomu yotchedwa DS-2019, imene umapita nayo ku ofesi ya kazembe ku Maputo kukapempha viza.

Ine ndi ambiri a inu tinatuluka ku IFP ndi satifiketi, osati licenciatura. Ndiye khomo loyamba lotitsekera si viza ayi, ndi pepala la sukulu. Munthu wina akakuuzani kuti satifiketi ya ku IFP ikukwanira, bola mumutumizire ndalama pa M-Pesa kuti akusungireni malo, ameneyo akufuna malipiro anu a mwezi uno basi. Mayina a mabungwe ovomerezeka boma la America limawalemba poyera pa intaneti. Safunsa anadya phula. Musaiwalenso kuti njira yoona ili ndi mtengo wake: pasipoti, kumasulira mapepala m'Chingerezi, kuwayezetsa, ulendo wa ku Maputo, tikiti ya ndege. Zonsezi ziwerengeni musanagulitse njinga kapena chimanga.

Tsono funso limene linandigwira mtima ndi ili: nditakwanitsa zonsezo, angakanditenge kuti ndikaphunzitse chiyani? Chingerezi ali nacho chambiri. Chimene tili nacho ife choti angachifune ndi Chipwitikizi. M'madera monga Utah ndi Massachusetts muli sukulu za boma zimene ana amaphunzira mbali ina ya tsiku m'Chingerezi, mbali ina m'Chipwitikizi. Ena mwa anawo ndi a makolo ochokera ku Brazil, amene safuna kuti mwana ataye chilankhulo cha pakhomo. Nditamva zimenezi ndinaseka ndekha. Kumeneko sukulu ikufunafuna mphunzitsi kutsidya kwa nyanja kuti mwana asasiyane ndi chilankhulo cha mayi ake. Kuno kholo limabwera ndi mwana m'kalasi yoyamba n'kunena kuti, "Aphunzitsi, Chinyanja ali nacho kale kunyumba, inu mungomupatsa Chipwitikizi."

Kholo lotere sindilinyoza. Likudziwa kuti mayeso, chipatala ndi maofesi zimayenda m'Chipwitikizi. Ndimangolifotokozera kuti mwana amene wadziwa kulumikiza ma, me, mi m'mawu amene amawamva, akafika pa Chipwitikizi savutika ndi zilembo, amangolimbana ndi mawu atsopano. Luso lomutenga mwana pa chilankhulo cha kwawo n'kumuolotsera ku chachiwiri osamugwetsa ndi lomwelo limene sukulu za kunja zija zikulifuna. Ife timaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndi choko ndi bolodi, koma sitiliwerengera.

Pali chinanso chimene sitichiwerengera. Chilankhulo chathuchi n'cha mayiko angapo kale. Ku Malawi chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko mu 1968, pa dzina loti Chichewa. Ku Zambia chili m'gulu la zilankhulo zisanu ndi ziwiri zimene boma limagwiritsa ntchito m'sukulu ndi pawailesi. Ku Zimbabwe malamulo aakulu a dziko a 2013 anachiika pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Kwathu kuno, pamene boma linkayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri kuyambira 1993 mpaka 1997, pa ntchito yotchedwa PEBIMO, zilankhulo zimene linayesera zinali ziwiri: Chichangana ku Gaza ndi Chinyanja ku Tete. Kuyambira 2003 maphunzirowa analowa m'sukulu za boma. Mabuku athu amalemba "cinthu" pamene a ku Malawi amalemba "chinthu", koma mwana wa ku Majaua akamva wailesi ya MBC safuna womasulira.

Ndiye kunja kwathu koyamba kuli patsidya pa mtsinje wa Ruo. Makolo athu ambiri anathawira komweko nthawi ya nkhondo, nabwerera mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Maliro timalirira limodzi, maukwati timavinira limodzi. Koma uthenga woti mphunzitsi wa ku Milange akakhale mwezi umodzi pasukulu ya ku Mulanje, wa ku Mulanje abwere kuno, sunafikepo m'magulu athu aja.

Sindikunena zokalembedwa ntchito ku Malawi. Kumeneko kuli aphunzitsi awo omaliza maphunziro amene amadikira nthawi yaitali asanatumizidwe kusukulu. Ndikunena zosinthana nzeru. Iwo ali ndi mabuku ambiri a Chichewa, nthano zosindikizidwa, ndi zaka zochuluka zophunzitsa kuwerenga m'chilankhulochi. Koma mu 2014 boma lawo linalengeza kuti maphunziro azichitika m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, kupatula phunziro la Chichewa. Ife mabuku amatichepera, koma tili ndi chilolezo chophunzitsa ngakhale masamu m'Chinyanja m'makalasi oyambirira. Wina ali ndi ufa, wina ali ndi moto.

Ine ndinalawako pang'ono. Pamaliro a achibale patsidya ndinakumana ndi mayi wina amene amaphunzitsa Sitandade 2. Titacheza anandibwereka buku lakale la ana, ine ndinawaonetsa mmene ndimaphunzitsira kuchotsera pogwiritsa ntchito njere za nandolo, mawu onse a m'Chinyanja. Anandifunsa kuti, "Achimwene, ndiye akuluakulu anu amalola zimenezi?" Nditavomera anangogwira pakamwa. Ine nanenso ndinadabwa kumva mmene amagawira ana ochuluka m'magulu, odziwa kuwerenga n'kumathandiza anzawo. Njira imeneyo ndikuigwiritsa ntchito mpaka lero. Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalendala nayonso ikutikomera: chaka cha sukulu kwathu chimayamba mu Febuluwale, kwawo mu Seputembala. Mu Januwale iwo amakhala ali m'kalasi ife tisanatsegule, ndipo kumayambiriro kwa Ogasiti iwo ali patchuthi ife tikuphunzitsa.

Musandimve molakwa. Amene akufuna kupita ku America sindikumuletsa. Malipiro athu tonse tikuwadziwa, ndipo mayi a kunyumba akandifunsa za malata a nyumba ndimasowa poyang'ana. Inenso ndikukonzekera kulembetsa licenciatura ku Universidade Licungo, ndipo Chingerezi ndikuchinola. Mwina tsiku lina ndidzapempha nawo mwayiwo. Ngakhale pulogalamu ya J-1 imafuna kuti chaka chilichonse mphunzitsi aonetse ana a kumeneko chikhalidwe cha kwawo, ndi kuwalumikiza ndi ana a sukulu ya kudziko lina, makamaka imene iye anachokera. Ndiye wopita opanda nthano, miyambi ndi nyimbo za kwawo akaonetsa chiyani?

Chimene chimandiimitsa ndi kalasi yanga yoyamba. Pasukulu pathu ophunzitsa m'Chinyanja ndife owerengeka. Nditachoka lero, angabwere mnzathu wakhama kuchokera ku Quelimane, wolankhula Chichuwabo, ndipo ana aja angayambe sukulu m'chilankhulo chimene sanachimvepo, iye wosalakwa, iwonso osalakwa. Ndiye ndadziikira lamulo: sindidzapempha malo kunja ndisanakonzekeretse mnzanga mmodzi woti atha kuigwira kalasiyo.

Kwa inu a ZIP zoyandikana ndi malire, tiyeni nkhani yochezerana ndi anzathu a patsidya tikaitule kwa akuluakulu a maphunziro ku Milange, kuti iyende mwa dongosolo kudzera pa chipata cha Muloza. Ndipo inu aphunzitsi a ku Mulanje ndi ku Thyolo amene mumawerenga tsamba lino, tiuzeni: mungatilandire m'kalasi mwanu Januwale akubwerayu?