Kangaude anadzutsa mudzi wonse

Ndakhala chete masabata angapo chifukwa cha kuchonga mayeso, ndiye lero nditalikitsa pang'ono, mundipirire.

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa za LDR ndi thermistor pa bolodi. Ndimajambula kabwalo ndi timivi tiwiri, n'kuwauza ana kuti kuwala kukachuluka magetsi amadutsa mosavuta. Iwo amalemba, amaloweza, pa MSCE amayankha. Koma ndinene chilungamo: ineyo mwini wake ndinali ndisanaigwirepo LDR m'manja mpaka Khrisimasi ya 2023, pomwe mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera ndi katoni kakang'ono. M'katimo munali Arduino Uno, mawaya amitundumitundu, ndi masensa m'timapepala ta pulasitiki.

Kwa amene simukuidziwa, Arduino ndi kabolodi kokwana m'chikhatho. Inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005, kuti ophunzira azitha kupanga zinthu zamagetsi osadikira kukhala mainjiniya. Umailemba malamulo pa kompyuta, iyo n'kumatsatira. Payokha siiona, siimva. Ntchito imeneyo ndi ya masensa.

Ku kalabu ya sayansi tinayamba ndi LDR yomweyo. Arduino imawerenga mphamvu ya magetsi ngati nambala, kuyambira 0 mpaka 1023, ndipo ana anapanga mzere kudikira kuti aliyense atsekeko kasensako ndi chala n'kuona nambala ikusintha pa laputopu. Mnyamata wina amene m'kalasi salankhula anatsala mpaka dzuwa kupendeka, mpaka kababu kake kayamba kuyaka kokha akakaphimba ndi chipewa. DHT11, kabuluu kaja, kamayeza kutentha ndi chinyezi cha mumpweya, ngakhale kamatha kuphonya ndi madigiri awiri. Mkulu wake DHT22 ndiye wolondolako. PIR imamva kutentha kwa thupi limene likuyenda. Tinaiika pa khola la mbuzi kunyumba kwanga kuti itigwirire akuba, koma inatigwirira galu wa aneba usiku uliwonse mpaka mayi a kunyumba anandilamula kuti ndiichotse. Sensa ya chinyezi cha m'nthaka, ya timiyendo tiwiri ija, inadyeka m'masabata ochepa pa dimba la sukulu, chifukwa magetsi akamadutsa m'dothi lonyowa amadya chitsulocho. Mukafuna kugula, funsani ya capacitive, kapena muziipatsa moto pa nthawi yoyeza yokha.

Zonsezi zinali ngati masewera. Nkhani inasintha tsiku limene tinatulutsa HC-SR04, ija yooneka ngati ili ndi maso awiri. Diso limodzi limatulutsa phokoso la 40 kHz, lomwe khutu la munthu silingamve, linalo limadikira kuti phokosolo libwerere likagunda chinthu, monga amachitira mleme. Ukadziwa nthawi yomwe latenga, wadziwa mtunda, kuyambira masentimita 2 mpaka pafupifupi mamita 4. Ana anayeza khoma, anayeza mitu ya anzawo. Kenaka mtsikana wina wa Fomu 3 anafunsa: "Aphunzitsi, kodi kangayezenso madzi a mumtsinje?"

Ndinadziwa chifukwa chake anafunsa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatipeza kuno ku Chiradzulu, ndipo zomwe zinachitika ku Ntauchira, komwe matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola mudzi, sindikufuna kuzibwereza. Kwawo kwa mtsikanayu ndi m'mbali mwa kamtsinje kamene kamathira mu Namadzi. Usiku umenewo anadzuka madzi ali kale m'nyumba, ndipo agogo ake anachita kuwabereka kumsana. Palibe anamwalira pabanjapo, koma kuyambira pamenepo mvula ikangoyamba usiku iye sagona, amakhala tsonga kumvetsera. Ndinali nditaona kale kuti m'miyezi ya dzinja amasinza m'kalasi, ndipo ndinamukalipirapo kawiri ndisanadziwe.

Tinapempha chilolezo kwa amfumu, n'kumangirira kabokosi pansi pa kamlatho ka mitengo, maso a sensa ataloza pansi. Madzi akakwera, mtunda umachepa. Ukafika pa malire omwe tinaika, Arduino imaliza hutala ya galimoto yakale yolumikizidwa ku batire ndi kasola. Chaka chimenecho mvula inakana chifukwa cha El Niño, mpaka boma linalengeza za ngozi ya chilala mu Malichi 2024, ndiye kabokosi kathu kanangokhala kuyang'ana mchenga. Komabe kanatiphunzitsa kanthu. Mchenga womwewo, osasuntha, unkaoneka kutali m'mawa ndi pafupi masana. Ana anati sensa yawonongeka. Ndinawasiya sabata yathunthu akukangana, mpaka mmodzi anakumbukira kuti liwiro la phokoso limadalira kutentha kwa mpweya. Pa madigiri 15 ndi mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pa madigiri 30 ndi 349. Pa mtunda wa mamita awiri, kusiyanako ndi masentimita asanu. Tinawonjezera DHT11 kuti Arduino izikonza masamu ake. M'zaka zanga zonse za uphunzitsi sindinaphunzitsepo mutu wa mafunde n'kumveka ngati mmene unamvekera sabata imeneyo.

Ndiye kunabwera Januwale 2025. Cha m'ma 2 koloko usiku, kunja kukuwaza mvula ya mawawa, hutala inalira. Anthu anatuluka ndi ana kumsana, ena atasenza matumba a ufa, kuthamangira kumtunda mumdima. Mayi wina wachikulire anagwa n'kubinya phazi. Atapita anyamata ndi tochi anapeza madzi ali m'akakolo. Kutacha tinatsegula kabokosiko: kangaude anali atamanga ukonde pa diso la sensa, madontho atakakamira pamenepo, ndipo kasensako kanawerenga kuti madzi afika pakamwa pake.

Anthu ena anaseka, ndipo mpaka lero pa msika wa Namadzi alipo ondifunsa kuti kangaude wanga ali bwanji. Ine sindinaseke. Ndinapita kukapepesa kwa mayi aja ndi shuga ndi sopo. Amfumu anandiitana, ndipo sanakweze mawu. Anati: "Aphunzitsi, ife tikudziwa kuti munafuna zabwino. Koma chikalira kawiri chonama, kachitatu anthu adzangofunda bulangeti." Anandiuza kuti hutala ichotsedwe kufikira titakonza. Mtsikana uja analira, ankaona ngati mlandu ndi wake. Mlandu unali wanga. Ndine amene ndinalola kuti tulo ta mudzi wonse tidalire kasensa kamodzi kopangidwira kuseweretsa m'nyumba, kosatetezedwa ku madzi, komanso kuti kuwerenga kumodzi kokha kukhale kokwanira kuliza hutala.

Zomwe tasintha ndi izi. Arduino tsopano imayeza maulendo ambiri motsatizana n'kutaya manambala olumphalumpha, ndipo madzi ayenera kukhala pamwamba kwa mphindi zingapo isanakhulupirire. Chachiwiri chinachokera kwa ana: botolo lotseka lomwe limayandama m'paipi yoimika, lili ndi maginito pamwamba. Madzi akalikweza, maginitoyo amafika pa reed switch, kagalasi kokhala ndi timalilime tiwiri tachitsulo, n'kutigwirizanitsa. Ilibe ubongo, siisamala za kutentha, ndipo kangaude alibe nayo ntchito. Hutala izilira pokhapokha masensa onse awiri agwirizana. Tinaonetsa amfumu pogwiritsa ntchito mgolo ndi ndowa, iwo n'kuthira madzi okha, ndipo anavomera kuti ibwezeretsedwe.

Ndinawauzanso anthu chinthu chimodzi chomwe sindikufuna kuti chiiwalike. Kabokosika kamangoona madzi a pansi pa mlatho. Matope otsika m'phiri ngati a ku Ntauchira sikangawaone, ndipo sikalowa m'malo mwa machenjezo a nthambi ya zanyengo omwe timamva pa wailesi. Pa zimenezo pakufunika choyezera mvula cha timakapu tiwiri topendekeka, ndipo ana ayamba kale kudula mabotolo, ngakhale timakapu tawo tikukanabe kupendekeka pa mlingo umodzi.

Mtsikana uja analemba MSCE mu 2025 ndipo sali pasukulu pano tsopano, koma Loweruka lililonse amatsikira ku mlatho ndi nthenga ya nkhuku kukasesa maso a sensa. Ndinamufunsa ngati masiku ano amagona mvula ikamagwa. Anati amagona mpaka cha m'ma 1 koloko.

Ngati alipo mwa inu amene ali ndi JSN-SR04T, ija yosalowa madzi, kapena akubwera kuchokera ku Joni mvula isanayambe, chonde ndiuzeni, ndidzabweza ndalama yake.